Mzere Woyera ndi Woweruza Wosaphethira

Acinyamata anzanga, amene munaphunzira pa sukulu za kumudzi kuno ku Chipangali mudzakumbukira tsiku la mpikisano wothamanga. Kutatsala masiku awiri aphunzitsi anali kutituma kukaola phulusa pa mafuwa a amai athu, ndipo tinali kulithira pansi motsata cingwe mpaka bwalo lonse litakhala ndi mizere. Pa tsikulo mphunzitsi mmodzi anali kuima pokhotera, kamtengo kali m'manja, maso ali pa mapazi athu. Ukadumpha mzere ndi kulowa m'njira ya mkati, ngakhale ufike woyamba, dzina lako silinali kulembedwa. Tinali kung'ung'udza kuti aphunzitsiwo akukondera ana a kalasi lao. Masiku ena tinali kunama, masiku ena tinali kunena zoona.

Phulusa lija ndinalikumbukira posacedwapa nditapita ku Chipata kukagulitsa nshawa. Ndinagona kwa mlongo wanga, ndipo m'mawa mwake mwana wake wamwamuna, amene ali mu giredi 11, ananditengera ku kasitolo kena kumene anyamata amalipira kuti asewere magemu a pa sikirini. Ambiri kumeneko amakonda mpira. Iye amakonda mpikisano wa magalimoto. Anakhala pafupifupi ola lathunthu akuzungulira msewu umodzimodzi, kufuna kuposa nthawi imene mnyamata wina wa kudziko lakutali anaika. Ulendo wotsiriza anayendetsa bwino kwambiri, anzake ataima kumbuyo kwake ali cete. Pa kona yomaliza galimoto inatsetserekera kunja, mau ofiira anaoneka pamwamba, ndipo nthawi yake inafafanizidwa.

"Amalume, mwaona? Makina awa ndi akuba! Ndangotuluka pang'ono cabe ngati cikhadabo!"

Mwini sitolo anabwezera cithunzi m'mbuyo kuti tione bwino. Matayala onse anai anali kunja kwa mzere woyera. Ndalama imene amai ake anampatsa yogulira cakudya kusukulu inali itatha, ndipo pa mndandanda dzina lake linali pomwe linali dzulo.

Ndinamuuza kuti makina sanamlakwire, ndipo mpaka lero ndikutero. Koma m'minibasi pobwerera pa msewu wa ku Lundazi nkhaniyi sinandicoke m'mutu. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikuonerera ndi kufufuza mmene magemu anai ochuka amaweruzira nkhani ya malire a msewu. Ndapeza kuti mlandu wa tsiku lija mnyamatayo unamgomera ndithu, koma sanalakwe kukayikira woweruza.

Lapu yoyera ndi ciani?

Kwa amene sanaonepo masewera amenewa ndifotokoze pang'ono. Wosewera amayendetsa galimoto ya pa sikirini pa msewu wozungulira, ndipo misewu yambiri inajambulidwa kucokera ku mabwalo enieni a mipikisano, monga Monza ku Italy kapena Kyalami ku South Africa. Kuzungulira kamodzi amakucha lapu. Kudzera pa intaneti, nthawi yako imalembedwa pa mndandanda umodzi ndi nthawi za anthu a ku Brazil, ku Japan ndi kwina konse. Lapu imene wayenda osatuluka m'malire a msewu amaicha yoyera. Ukatuluka, yadetsedwa.

Nanga munthu angafunirenji kutuluka mu msewu? Aliyense amene anapalasapo njinga itasenza thumba la cimanga akudziwa kuti pokhota mwadzidzidzi pamafunika mabuleki, koma ukakhota motakasuka, kuyambira kunja, kulowa mkati, ndi kutulukiranso kunja, liwiro silitayika. Msewu ukatakata, kona imaongoka. Tsono woyendetsa akabako theka la mita kuseri kwa mzere, wadziongolera kona, ndipo liwiro limene watuluka nalo amapita nalo pa msewu wonse woongoka umene uli kutsogolo. Phindu lake ndi kagawo ka sekondi cabe. Koma pa mndandanda wa anthu zikwizikwi kagawo kameneko kakhoza kukukweza pamwamba pa anthu mazana.

Cotero lamulo liyenera kukhalapo, ndipo pa ici sinditsutsana ndi opanga magemu. Pamene Samuel Matete anatenga mendulo ya golide ya dziko lonse ku Tokyo mu 1991 pa mamita 400 odumpha zochinga, anathamanga m'njira yake kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Muzala Samukonga, potenga mendulo yacitatu pa Olimpiki ya ku Paris mu 2024 ndi nthawi ya masekondi 43.74, anali m'kanjira kotakata mamita 1.22 monga anzake onse. Tikanamva kuti mmodzi wa awiri amene anamtsogolera anadula kona osalangidwa, Zambia yense akanaimirira.

M'mipikisano yeniyeni ya Formula One, bungwe la FIA lili ndi lamulo losavuta kumva. Mzere woyera wa m'mphepete ndi mbali ya msewu, koma simenti ya mizeremizere imene ili kuseri kwa mzerewo si msewu. Malinga ngati kambali kena ka galimoto kakukhudza mzere, uli mkati. Kunena ndi kosavuta, vuto ndi kuona. Pa 2 July 2023, pa bwalo la Red Bull Ring ku Austria, panali mpikisano wa malapu 71, ndipo oyendetsa anali kutuluka pa makona awiri omaliza mobwerezabwereza. Bungwe la FIA linanena kuti panali milandu yoposa 1,200 yofunika kuiona, ndipo oweruza sanathe kuimaliza mpikisano uli mkati. Gulu la Aston Martin litadandaula, anakhala pansi ndi kuonanso zithunzi. Patapita maola pafupifupi asanu mpikisano utatha, oyendetsa 8 anapatsidwa zilango zoonjezera. Carlos Sainz anatsika kucoka pa nambala 4 kufika pa 6, ndipo Esteban Ocon anaonjezeredwa masekondi 30. Anthu amene anaonerera anali atapita kale kwao akudziwa zotsatira zina.

Apa ndi pamene makina amaposa munthu. Saphethira, satopa, sadziwa kuti uyu ndi mwana wa ahedi. Mwana wa mlongo wanga anadziwa mlandu wake pa sekondi imene anaupalamula. Zimenezi ndimaziyamikira, ndipo ndikanakonda kuti tikhale ndi woweruza wotere pa bwalo lathu la phulusa.

Magemu anai, oweruza anai

Koma woweruza wosaphethira akhoza kupatsidwa lamulo lopotoka, ndipo adzalitsata mosaphethira momwemo.

Tiyambe ndi magemu a F1 amene amapangidwa ndi kampani ya Codemasters ya ku England, imene inagulidwa ndi EA mu 2021. Pothamanga wekha polimbana ndi wochi, ukatuluka, lapu yafa. Ukatuluka pa kona yomaliza, gemu ikhoza kupha lapu imene ukumaliza pamodzi ndi yotsatira yomwe. Anyamata amakwiya nazo, koma ndi zanzeru, pakuti liwiro limene waba pa kona yomaliza ndi limene umayamba nalo lapu yatsopano. Pa mpikisano ndi anzako umayamba wacenjezedwa, ndipo macenjezo akakwana atatu amakuonjezera masekondi atatu. Cimene sindikonda ndi cakuti gemuyi ili ndi malamulo awiri, lofewa ndi lokhwima, ndipo wokonza mpikisano amasankha limene afuna. Munda umodzi, malire awiri. Amene anazolowera lofewa amadzidzimuka tsiku limene alowa kwa eni lokhwima.

Gemu ya Forza Motorsport 7, ya mu 2017, inali ndi njira imene poyamba ndinaikonda. Lapu yodetsedwa siifafaniza. Imangoika kacizindikiro kocenjeza pambali pa nthawiyo, ndipo pa mndandanda lapu yoyera iliyonse, ngakhale ya kamba, imakhala pamwamba pa lapu yodetsedwa iliyonse, ngakhale ya kalulu. Mwana aliyense angamvetse zimenezo. Koma liu lakuti kudetsedwa analisenzetsa katundu wambiri. Kutuluka mu msewu kumadetsa lapu, kugunda cipupa kumadetsa, kubwezera nthawi m'mbuyo kuti ukonze colakwa kumadetsa, ndipo kugundana ndi galimoto ina kumadetsanso, ngakhale mnzakoyo ndiye wakugunda kumbuyo. Wakuba ndi woberedwa avekedwa cizindikiro cimodzi.

Gran Turismo 7, imene inatuluka mu 2022 pa PlayStation, imalanga mwa njira yokongola kuona. Ukadula kona pa mpikisano amakulembera cilango, mwina theka la sekondi, mwina sekondi imodzi kapena kuposerapo. Ukafika pa malo ena oikika pa msewu, galimoto yako imacepetsa liwiro yokha ndi kusanduka ngati mthunzi, kotero kuti anzako amakupyola osagundana nawe. Ngongole wabweza pomwepo, onse akuona. Pa ici opanga ake anaganiza bwino. Vuto lake lili pa mzere weniweniwo. Malire amene makina amawerenga si nthawi zonse pamene pali utoto woyera. Pa makona ambiri simenti ya mizeremizere imawerengedwa ngati msewu. Pa kona ina ukhoza kutuluka kwambiri osalangidwa, pa inzake kutuluka pang'ono walangidwa. Osewera amaphunzira malire amenewa mwa kulakwa, kapena mwa kuonerera mmene akatswiri a pamwamba pa mndandanda akudulira. Ndipo opanga gemu nthawi zina amasuntha malirewo pokonzanso gemu yao. Taganizani anyakwawa atakuuzani kuti malire a munda wanu ali capafupi ndi mtengo wa msuku uja, koma pamene ali penipeni mudzadziwa tsiku limene adzakulipiritsani mbuzi.

Wacinai ndi iRacing, ya ku America, imene inayamba mu 2008 ndipo imalipiridwa mwezi ndi mwezi. Ndi yodula, ndipo imafuna kompyuta yamphamvu ndi ciongolero, motero kuno kwathu ambiri tidzangoionerera pa foni. Komabe ndi yoyenera kuidziwa cifukwa ndi imene inalingalira kwambiri za nkhaniyi. Colakwa ciliconse cili ndi mtengo wake. Kutuluka mu msewu ndi mfundo imodzi, kuzungulira mosalamulirika kapena kugunda cipupa ndi ziwiri, kugundana mwamphamvu ndi mnzako ndi zinai. Makina amawerenga makona amene wadutsa ndi mfundo zimene wapalamula, ndipo zimenezi ndi zimene zimakukweza kucoka pa laisensi ya oyamba kumene kupita pa D, C, B mpaka A. Pa mpikisano wofuna malo oyambira, lapu imene watulukamo siwerengedwa. Dongosololi limaphunzitsa munthu kudekha, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma nalonso silifunsa kuti wayamba ndani. Magalimoto awiri akagundana, onse amalembedwa mfundo zinai. Opanga ake amacita zimenezi mwadala, poganiza kuti m'kupita kwa nthawi wosasamala adzaunjika mfundo zambiri kuposa wosamala. M'kupita kwa nthawi zikhoza kukhala zoona. Pa tsiku limene wagundidwa, sizitonthoza.

Ndipo ndi mu iRacing momwemo mmene munacitika nkhani imene inandionetsa kuti lapu yoyera kwa makina ikhoza kukhala yakuda bii. Mu January 2023 kunali mpikisano wa pa intaneti wa maola 24 pa bwalo la Daytona la ku America. Makona akuluakulu a bwaloli ndi opendekeka ngati mbale, ndipo m'munsi mwake muli kamsewu kafulati kamene magalimoto oonongeka amadutsamo. Kamsewuko kali mkati, tsono ndi kacidule. Malamulo olembedwa anali kuletsa kuthamangiramo, koma makina sanali kulemba colakwa kwa wodutsamo. Galimoto ya gulu la Williams Esports inadutsa m'menemo pa lapu yofunira malo oyambira, ndipo inayamba mpikisano patsogolo pa onse. Makina anati lapu ndi yoyera. Anthu zikwi amene anaona cithunzi anati ai. Pambuyo pake gululo linapepesa poyera. Apa mphunzitsi wathu wa kamtengo uja, ndi kukondera kwake konse, sakanapusitsidwa.

Pali cinanso cimene cimatikhudza ife makamaka. Dziko lathu lilibe gombe la nyanja yamcere, ndipo uthenga wa pa intaneti umayenda pa zingwe kudutsa maiko oyandikana nafe usanaoloke kupita kwa osewera a ku Ulaya ndi kubwerera. Ukacedwa pang'ono, galimoto ya mnzako imaoneka pamene palibe, kenaka imalumpha. Ukhoza kukankhidwira kunja kwa msewu ndi galimoto imene pa sikirini yako sinakukhudze, ndipo makina adzalemba kuti watuluka. Cifukwa cake ndimati kwa mnyamata wa ku Mgubudu kapena wa ku Kapata, mpikisano wolungama koposa ndi uja wothamanga wekha polimbana ndi wochi. Pamenepo palibe wokukankha, ndipo intaneti imangonyamula nthawi yako ukamaliza.

Kumene vuto linayambira

Tsopano ndifike pa dandaulo langa lalikulu, limene likukhudza magemu onse anai.

Kale mabwalo a mipikisano anali ndi udzu kapena timiyala kuseri kwa mzere. Wotuluka anali kutereraterera kapena kutitimira, ndipo panalibe cifukwa coitanira woweruza. Mabwalo ambiri anacotsa udzu ndi timiyala ndi kuthira phula, makamaka pofuna citetezo, pakuti pa phula mabuleki amagwira ndipo galimoto sigubuduzika msanga. Colinga cinali cabwino. Koma pamene kunja kwa mzere kunasanduka kosalala ngati mkati, mzerewo unatsala utoto cabe, ndipo oyendetsa anayamba kuudya.

Opanga magemu, pofuna kuti zonse zifanane ndi zenizeni, anakopera mabwalowo mmene alili. A iRacing amacita kuyeza msewu weniweni ndi makina a kuwala kuti ngakhale kabampu kakang'ono kasasowe. Tsono anakopera ndi phula la kunja lomwe. Koma tamverani, mu gemu mulibe wofa. Palibe wothyoka mwendo. Cifukwa cimene phula lija linaikidwira mulibemo m'masewera, koma vuto limene phulalo linabweretsa analitenga lonse, kenaka ndi kuyamba kulicingirira ndi mizere yosaoneka, macenjezo, mfundo ndi masekondi. Zili ngati munthu wokopera kalata ya mnzake pamodzi ndi dontho la inki limene linagwerapo mwangozi.

Eni ake a bwalo la ku Austria anaphunzirapo kanthu pa manyazi a mu 2023. Mu 2024 anaika kamzere ka timiyala kotakata mamita 2.5 kuseri kwa makona awiri omaliza aja, ndipo milandu ya pamenepo inacepa kwambiri. Oyendetsa sanatembenuke mtima m'caka cimodzi. Anangodziwa kuti tayala likaponda timiyala, liwiro latha. Akuluakulu amene anaonerera Satwant Singh, amene anakhala katswiri wa Africa kasanu ndi katatu pa mpikisano wa magalimoto wa m'misewu ya fumbi, adzakuuzani kuti kumeneko kulibe mzere woyera. Malire ndi citsa, culu ndi ngalande, ndipo palibe amene amakangana ndi citsa. Kunyamula timiyala kupita nato ku Austria kunafuna malole ndi ndalama. Kuika timiyala mu gemu kumafuna munthu mmodzi pa kompyuta. Ndikudziwa kuti okonda zenizeni adzati bwalo lasinthidwa, silikufanananso ndi la ku Ulaya. Ine ndimati kuli bwino msewu wosiyana pang'ono ndi weniweni koma malire ake ooneka ndi maso, kusiyana ndi msewu wofanana ndendende umene malire ake enieni amadziwika ndi makina okha.

Mukandifunsa kuti pa anaiwa ndasankha uti, ndinganene kuti kalangidwe ka Gran Turismo 7 ndi kabwino koposa, kaphunzitsidwe ka iRacing ndi kozama koposa, ndipo palibe ndi imodzi yomwe imene ndingailole kugwiritsa nchito liu lakuti yoyera popanda kuifunsa mafunso. Cimene makina amadziwa ndi cakuti matayala sanadutse pamene munthu wina mu ofesi anajambula. Ngati anajambula pa utoto, zili bwino. Ngati anaiwala kujambula, monga ku Daytona, makina adzaombera m'manja wakuba. Magulu a acinyamata amene mumasewera mosinthana pa sikirini imodzi, gwirizanani musanayambe kuti matayala awiri azikhala mkati mwa mzere wooneka, kaya gemu ikulola zoposa pamenepo kapena ai, ndipo amene akudikira nthawi yake akhale woweruza.

Sabata yatha mlongo wanga anandiimbira foni za mbeu, ndipo mnyamata uja analanda foni. Anati anabwererako, anayamba kugwira mabuleki msanga pa kona yomaliza, ndipo tsopano ali ndi lapu yoyera pa mndandanda. Ndinamufunsa ngati yaposa ija inafafanizidwa.

"Ai, amalume, yacepa pang'ono. Koma ija ndiyo inali nthawi yanga yeniyeni."

Amai ake anamlanda foni tisanamalize kukangana.